Tsukamu

Lachiwiri lililonse, kuchipatala chachikulu,
m'chipinda chimene zenera lake limayang'ana kuphiri,
Chizuru amaika mpira wa tenesi m'dzanja langa lozizirali
n'kudikira.

Tsiku loyamba mawu akwawo anam'pulumuka:
tsukamu.
Ine kumva ngati akuti tsukamo,
ndinamwazamwaza maso kufuna beseni ndi sopo.
Anaseka mpaka anamwino kusuzumira pakhomo.

Ayi, Che Sumaili, si kutsuka.
Ndi kugwira, koma osati chanza cha pamaliro
chongokhudza n'kudutsa.
Ndinati, kufumbata?
Anati kufumbata kuli ndi mawu akeake,
kumeneko n'kusunga chimene chili kale m'manja.
Ndinati, kumbwandira?
Anaomba m'manja. Cha kumeneko!
Dzanja lichite kunyamuka, lichilondole,
zala zisanu zitseke chitseko,
chinthucho chidziwe kuti chagwidwa.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhoma ndowa ku Mpondabwino.
Nyundo inali chala changa chachisanu ndi chimodzi.
Mmawa wina wa mu Juni inagwa yokha,
ndinaiyang'ana pansi ngati ya mwini,
pakamwa panga patakhotera kumanja.

Mpira ukamagubuduka kulowa pansi pa bedi
Chizuru amautola, akuyankhula kuti ndisachite manyazi.
Akuti kwawo mawu amenewa amagwira mwayi usanadutse,
amagwira tanthauzo la zimene wanena mphunzitsi,
amagwira mtima wa munthu,
wapolisi amagwira nawo umboni.
Womira m'madzi, akutero, amagwira ngakhale kaphesi.
Ndipo nkhani yopanda mutu ndi mchira
amati ili ngati kugwira mtambo.

Ndinasuzumira pazenera.
Mtambo unali utakhala pa Chawe ngati mlendo wosatsanzika.
Ndili mnyamata ndinkatsika ndi mitolo ya nkhuni m'kati mwake,
ndikudziwa: umakunyowetsa malaya
koma m'manja sukusiyira kanthu.
Ndinati, ndiye kuchira kwangaku n'komweko.
Sanayankhe. Anabwezera mpira m'dzanja.

Nanenso ndinamuuza zakwathu, asamayese ndife osauka mawu.
Ife timagwira ntchito, timagwira njakata,
wolakwa amagwira mwendo,
wa ulendo amagwira tambala pakhosi.
Koma nthenda nayo imagwira munthu, mwanawe,
ndipo iyoyo sichita kuphunzitsidwa Lachiwiri.
Analemba zonsezo m'kabuku kake kachikasu,
njakata n'kuilemba molakwa.

Miyezi inayi.
Chala chachikulu chinayamba kugwedezeka ngati mphutsi.
Zinazo zili duu.

Kenaka Loweruka lina tikuchokera ku Songani,
minibasi itadzaza matumba a nandolo ndi anthu,
mbuzi inadumphira mumsewu pa Chinamwali.
Dalaivala anaponda buleki.
Abiti Mwamadi, amene anakhala kumphepete kwa mpando,
anapepheruka kulunjika kuchitseko chosatsekeka bwino chija,
ndipo dzanja lija, lomwe lija
limandikanika kunyamula sipuni,
linanyamuka losandifunsa
n'kumumbwandira pamkono.

Mukundipweteka, anatero.
Kenaka anayang'ana dzanja limene likumupwetekalo.
Anayamba kulira, kondakitala n'kumayesa wavulala.

Tinafika mpaka kudepoti ndisanamusiye.
Osati chikondi chokha ayi, ndisaname:
zala zinakana kutseguka.
Anachita kuzimatula chimodzichimodzi
ngati akusenda nthochi yosapsa,
pamkono pake patatsala mabanga anayi.

Lachiwiri ndinakam'fotokozera Chizuru.
Anagwira pakamwa, anagwada kuona zalazo,
kenaka anati, tsopano kwatsala mawu ovuta kuposa aja:
hanasu, kusiya.
Minofu yotsegula dzanja imachedwa kudzuka.
Anatinso mwezi wamawa abwerera kwawo,
amayi ake akudwala, kulibe wowagwira dzanja.

Mpira uli m'dzanja langa tsopano.
Akuwerenga, imodzi, ziwiri, siyani, Che Sumaili.
Mtambo wachoka pa Chawe, mitengo ya paini ikuoneka.
Siyani.
Ndikumva, mwanawe, ndikumva.
Zalazi ndi zimene sizinamve.