Piriyodi Yomaliza, Lachinayi

Phunziro langa analiika kumapeto kwa tsiku,
pomwe maso a ana ayamba kale kulemera
ndipo mphepo ya kudoko la Grimsby
imagogoda mazenera ngati mwini ngongole.
Lilibe mayeso. Ana amadziwa.
Aphunzitsi a masamu amalitcha nthawi yopuma.

Lachinayi lina ndinalemba pa bolodi:
malipiro a mwezi, mapaundi chikwi ndi mazana anayi.
Agaweni: lendi, chakudya, basi, sopo.
Declan anagula njinga yamoto tsiku loyamba lomwe,
kalasi inaseka, nanenso ndinaseka.

Keeley Marfleet, wa pampando wa kuchitseko,
amene chaka chonse sanakwezepo dzanja,
anayankhula maso ali pa desiki:
"Mwaiwala mita ya magetsi.
Komanso sabata yachinayi sifanana ndi yoyamba.
Yachinayi mumagula buledi wa dzulo,
mumazimitsa chotenthetsera nyumba mng'ono wanu akagona."
Cholembera chinandiumira m'dzanja.
Ine mayankho ndinali nawo kumapeto kwa buku,
iye anali nawo m'thumba la jekete
pamodzi ndi kapepala ka mankhwala a amayi ake.

Chisanu chitafika anachotsa basi ya madzulo
yopita kumidadada ya kuseri kwa fakitale ya nsomba.
Ndinati, nayi ntchito ya nzika, tilembe kalata.
Anakangana piriyodi yonse pa liwu limodzi:
tikupempha, kapena tikufuna?
Wojtek anati wopempha samenya chitseko.
Samira anati chitsekocho tinalipira ndife.
Tinaponya voti m'katoni ya nsapato.
Tikufuna inapeza khumi ndi asanu ndi awiri,
tikupempha khumi ndi mmodzi,
awiri anavotera mbalame ya padenga
imene imalanda ana tchipisi pa nkhomaliro.
Ndinawerenga mavoti onse mokweza, ngakhale a mbalameyo.

Yankho linadza patatha masabata asanu ndi awiri,
mizere itatu, sitampa yaikulu kuposa mawu:
tamva, tathokoza, ndalama palibe.
Wojtek anafunsa, "Ndiye phindu lake n'chiyani?"
Ndinatsegula pakamwa.
Belu linandipulumutsa, ndipo ndinachita nalo manyazi.

Za msonkhano wa khonsolo sindinawauze ndine.
Ndinamva kwa mlonda wa pasukulu,
ndinapita mochedwa, ambulera itathyoka nthiti.
Analipo asanu ndi anayi, pamipando ya anthu wamba,
yunifolomu ikudontha pa kapeti ya eni ake.
Anawapatsa mphindi zitatu.
Keeley anaimirira ndi pepala long'ambidwa m'kope,
mawondo akugundana, mawu ali chilili.
Anawerenga mtengo wa takisi kuchulukitsa ndi masiku asanu,
anachotsera pa malipiro a mwezi,
anawaonetsa pomwe sabata yachinayi imathera.
Kenako anati, "Ifenso tione bajeti yanu."
Bambo wina wa tayi wobiriwira anatsokomola,
n'kuyamba kusanthula mapepala ake.

Basi sinabwerere.
Mpaka lero amayenda wapansi m'mbali mwa njanji,
aang'ono pakati, matochi a mafoni ali patsogolo.
Ndondomekoyo anaipangana okha,
pali ndandanda ya oyang'anira tsiku lililonse,
ndipo Declan, wa njinga yamoto uja, amatsalira kumbuyo
kuwerenga mitu.

Kumapeto kwa teremu ofesi inanditumizira fomu:
kodi ophunzira akwaniritsa zolinga za phunziroli?
Chongani inde kapena ayi.
Ndakhala nayo pa tebulo masiku atatu,
kapu ya tiyi yaidinda kale mkombero.
Panja mbalame ija ikuyendayenda padenga
ngati phungu wosasankhidwa,
ndipo mawa ndi Lachinayi.