Mpando Winawo

Ndinatsika basi ku Intercity miyendo itachita dzanzi,
fumbi la ku Chipata likadali m'makutu.
Ndinadzera chitsulo cha chigayo chathu,
koma mnyamata wa m'sitolo, maso ali pafoni,
anangoti, "Katundu sinafike. Mubwele mailo."
Mailo: mawu amene kuno amasenza dzulo ndi mawa
pa phewa limodzi.
Anandisiyira tsiku lathunthu m'manja
ngati mwana wa eni amene sukudziwa kwawo.

Ndinayenda Cairo Road mpaka kothera.
Makondakitala akukuwa mayina:
Matero! Chelstone! Kalingalinga!
Langa palibe analitchula.

Njala ndiyo inadziwa njira.
Inandikokera ku Thornpark, kumisasa ya utsi,
kumene Bana Chisala, mpeni waung'ono m'dzanja,
anandidulira chikanda chofiirira,
chonjenjemera pang'ono ngati chiwindi.
Ndinati kwathu timati chikande.
Anati, "Kwanu mumaika tsabola wochepa,"
nkuwaza wina osandifunsa.
Kenaka impwa zowawa bwino,
chibwabwa chomira m'nsinjiro,
nyama ya mbuzi yopsa m'mbalimbali
itakulungidwa m'pepala la mayeso a masamu a mwana wina.
Anakhoza asanu ndi awiri mwa khumi.
Ndinanyambita zala pamwamba pa zolakwa zake.

Madzulo wa takisi anandisiya ku Kabulonga,
pa geti lakuda lopanda chikwangwani.
Mkati, kuseri kwa galasi, matanki asiliva
aima ndondolondondo ngati anamwino a usiku.
Mtsikana wovala jombo, dzina lake Namakau,
anandiikira matambula anayi aang'ono pa thabwa.
"Ndafulula ndekha," anatero, "yambani ndi woyerawo."

Woyambawo unali ndi kanthu ka malambe,
kowawasa kumapeto kwa lilime.
Wachiwiri unanunkhira uchi ndi udzu wonyowa.
Wachitatu unandiwawa ngati mankhwala a malungo,
ndinakwinya nkhope, kenaka ndinaufunanso.
Wachinayi, wakuda bii,
unali khofi amene anagona pafupi ndi moto wa makala.
Mtengo wa tambula imodzi, ndinawerengera chamumtima,
ndi nkhuku yathunthu ya ku Mkanda, ndi mazira ake.

Ndinakumbukira azakhali anga a Nagama,
amene ankafulula masese m'mgolo wa dzimbiri kuseri kwa khola
mpaka akulu a mpingo anawadula.
Anamwalira dzina lawo likunong'onedwa.
Pano la Namakau lalembedwa ndi choko pa bolodi,
zilembo zikuluzikulu, pambali pake kaduwa.
Ndinakweza wakudawo pang'ono
kuloza kumene ndikuganiza kuti ndi kum'mawa.

Matebulo ena onse anali ndi phokoso lawo.
Langa linali ndi ine, mtedza wokazinga,
ndi mpando wina woyang'anana nane
umene ndinayamba kuuzolowera.
Bambo wina wa tayi yomasula anaugwira pamsana:
"Pali munthu apa?"
Ndinatsegula pakamwa. Ndinaganiza za azakhali.
Ndinati palibe.
Anaunyamula, miyendo yake inayi ili m'mwamba
ngati mbuzi yopita kumsika.

Ndiye magetsi anazima.
Onse anati aaa! pamodzi, ine ndemwe,
ndipo mumdima umenewo, jenereta isanatsokomole,
panalibe wobwera yekha, panalibe wobwera ndi anzake,
kunali fungo la chimera basi
ndi kulira kwa tambula zikugundana mosaonana.
Ina inagunda yanga.
Sindikudziwa ya yani.

Kuwala kutabwerera, Namakau anafunsa
ngati ndidzabwerenso.
Ndinapukuta thovu pa ndevu,
ndinayesa mawu atsopano aja pakamwa panga
monga ndinayesera wachitatu uja:
"Mailo."
Iye anaseka, nkutenga matambula.
Panja Lusaka inali kuwotcha chimanga m'mbali mwa msewu,
ndipo ndinagula chimodzi, chokhwima,
choti ndizikukuta mpaka kogona.