Dzuwa Likudikira Chidindo

Ku Ngabu dzuwa silipempha chilolezo.
Limang'amba makande, limawotcha mapazi m'nsapato,
koma ife tidalitchera msampha:
magalasi mazana anayi kuseri kwa dibi la ng'ombe,
pamunda pomwe thonje lidatikana zaka zitatu.
Ndalama za mbuzi, za nandolo, ngongole yakubanki,
zonse zagona chagada, zikuyang'ana kumwamba.

Nthambo zikuluzikulu zimadutsa pomwepa,
mwala ungafike utauponya uli pampanda.
Usiku ndimazimva zikung'ung'udza.
Koma kulowamo, akuti, si kulowa mumsika.

Lachinayi adabwera Mayi Nyakamera, injiniya,
chipewa choyera, fumbi la Nchalo m'nsidze,
chikalata chonenepa kukhwapa.
Adayeza ngati waya wathu wapansi wafika pachinyezi.
Sadafike. Dothi louma silimeza mphezi, adatero, kumbaninso.
Tidakumba, ine ndi Zuze, mpaka matuza kuphulika.

Atabweranso ankamvetsera kugunda.
Magetsi a dziko amagunda kamakumi asanu pa sekondi;
anuwa akuthamanga pang'ono.
Ndidaseka: pang'ono pomwepo?
Adandifunsa ngati ndidaonapo anthu akuimba valimba.
Wachitatu salowa ndi mphamvu zake.
Amayamba wamvetsera, timitengo tili m'mwamba;
akalowera pambali, gule yense amagwa.

Ndidavomera. Koma tsamba lomaliza lidandiwawa:
magetsi a dziko akazima, anunso azime,
pomwepo, diso lisanaphethire.
Chifukwa? Dzuwa likuswa mtengo,
chigayo cha Alufandika chili zii,
katemera akufunda mufiriji yakuchipatala,
ife tizime nawo, kulira maliro a eni ake?

Sadandiyankhe msanga. Adaloza pholo
tsidya la msewu wopita ku Bangula.
Pajapo pamakwera munthu, adatero.
Amuuza pafoni kuti nthambo yafa,
wavula mantha, wagwira ndi manja onse awiri.
Sakudziwa kuti kuno kuli inu ndi dzuwa lanu.
Kenaka adapinda mkono wa malaya.
Chipsera chidachokera pachikhatho kukafika pachigongono,
chosalala, choyezuka ngati mimba ya mlamba.
Jenereta ya munthu wina, adatero.
Munthu wabwino mtima ndithu, ankangofuna kuwalitsa nyumba yake.

Lero tinayesa.
Iwo anadula nthambo, ine ndinagwira mpweya,
makina athu anangoti thi, n'kukhala chete,
dzuwa lonselo lili pamsana pawo.
Anayang'ana wotchi, analemba nambala m'kope.
Sanamwetulire, koma anapempha madzi akumwa,
ndipo anamwa atakhala pansi.

Chatsala chidindo cha ku Blantyre.
Mwezi, mwina iwiri. Akubanki aimba kale kawiri.

Zuze akupukuta fumbi pamagalasi, limodzilimodzi,
mawa lidzabweranso.
Mbuzi za oyandikana nafe zapeza mthunzi pansi pake.
Pakadali pano
ndizo zokha zikudya phindu.