Batani Lobiriwira

Januwale akafika, chaka cha msonkhano,
Leland Bjerke ankandisiyira makiyi a sitolo
ndi kapepala ka anthu oti ndisawakongoze,
ngakhale iye mwini ankawakongoza onsewo.
Suti yake ankaipachika m'pikapu,
ili m'pulasitiki ngati nyama ya kubutchala,
n'kulowera ku Bismarck,
chipale chofewa chitameza mipanda ya minda ya tirigu.

Masiku makumi asanu ndi atatu anali phungu.
Masiku otsalawo ankayeza misomali pasikelo.
Anthu sankasiyanitsa.
Munthu ankabwera kudzagula bawuti imodzi
n'kusiya pakauntala msonkho wa malo,
mlatho wothyoka, basi ya ana asukulu yochedwa.
Leland ankalemba zonse kuseri kwa malisiti
n'kuwabaya pamsomali umodzi ndi ngongole.

Chisankho choyamba anapambana ndi mavoti makumi anayi.
Theka la anthuwo linali m'buku langa la ngongole.

Sanali munthu wa pakamwa.
Pakanema ndinamuonapo kawiri,
kawiri konseko akukanda khutu
kumbuyo kwa wina amene ankalankhula.
Zaka zisanu ndi chimodzi ankangodina batani,
lofiira, lobiriwira,
kutsata kumene chipani chaloza.

Msewu waukulu unkadutsa pakhomo pathu penipeni.
Malole a mafuta ankagwedeza zitini za penti pashelefu,
madalaivala ankaima kugula magolovesi, matcheni,
khofi wa m'kapu ya pepala.
Malipiro anga ankachokera m'matumba awo.

Mmodzi wa iwo sanamuone
mwana wa Ardis Opdahl pa njinga yake yachikasu.

Leland ndi amene anatuluka ndi lona watsopano,
kapepala ka mtengo kakadali pakona,
n'kukaphimba.
Lonayo sanamulembe m'buku lililonse.

Bilu ya msewu wolambalala tauni
anailemba pakauntala pompano, usiku,
magalasi ali pamphuno, chotenthetsera chikulira.
Anabwera mwini malo odyera,
anabwera wogulitsa petulo, chipewa chili m'manja.
Leland, ukudula nthambi imene tonse takhalira.
Iye anawamvetsera mpaka anamaliza,
kenako anawafunsa ngati pali china chimene akufuna kugula.

Inenso ndinamuuza.
Ndinati, nanga ine wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri
adzandilemba ntchito ndani?
Anati, ndikudziwa, Marlys.
Basi.

Tsiku la voti ndinaonera pafoni, nditatsamira shelefu ya mapaipi.
Mayina anali m'mizere iwiri pachikwangwani cha magetsi.
Lake linachedwa.
Ndinawerenga mpaka naini
lisanasanduke lobiriwira.

Msewuwo unatenga zaka zitatu.
M'mawa umene anautsegula
ndinaima pakati pa sitolo ndikudabwa chimene chasowa.
Zitini za penti zinali zitakhala chete.

Malo odyera anatseka chisanu chisanabwerenso.
Pachisankho chotsatira anthu anamukumbukira bwino Leland:
anagwa ngakhale pamalo ovotera a kutchalitchi kwake.
Zikwangwani zake za kampeni tinazitembenuza
n'kulembapo kuti penti watsika mtengo.

Ardis sanabwerepo kudzathokoza,
ndipo ndani angayembekezere zimenezo.
Amabwera mwezi uliwonse kudzagula chakudya cha mbalame,
thumba lalikulu,
ngakhale ndikudziwa kuti la mwezi watha silinathe.

Suti ija ili kuseri kwa makwerero, m'pulasitiki mwake.
Ine ndimagwira masiku atatu pasabata tsopano.
Timatseka isanakwane folo.

Nthawi yoweruka ana asukulu
amadutsa msewu uja panjinga, osayang'ana n'komwe,
wina atasiya chiwongolero, manja m'mwamba.
Leland amataya sikelo n'kuthamangira pakhomo,
misomali ili m'dzanja,
n'kukuwa ndi mawu amene ku Bismarck sanawamvepo:
Yang'anani mbali zonse, ana inu!

Anawo amayang'ana.
Kulibe kanthu kakubwera.