Timabokosi

Pepalali ndinalipeza m'thumba la jekete ya kaunjika
pamsika wa pa Boma, lopindidwa kanayi,
likununkhabe sopo wa dziko la eni.
Timabokosi tokhatokha, tina toda, tina toyera,
ngati kope la masamu lija ndinalithawa mu Sitandade 6.
Landilondola mpaka pakhonde.

Asiyatu wa kwa Mponda anati usayambire pamwamba,
yambira pansi, kuchoka kumanja kupita kumanzere
monga tinkawerengera ku madrasa.
Zimenezo ndinamva.
Sanandiuze kuti ndikatembenuza choluka
pepala nalo limasintha mawu.

Ulusi wofiira ndi ulusi woyera,
akazi a mitala pa chala chimodzi.
Ndikakoka uyu, uyo wanyanyala.
Ndikati ndiwalekerere, akolana kuseri,
ndikati ndiwagwire zolimba
chifuwa cha juzi chakwinyika ngati nkhope yolawa bwemba.

Atatu ofiira, mmodzi woyera, awiri ofiira,
mmodzi, mmodzi, asanu...
"Odi kuno! Muli ndi chenji ya faifi sauzande?"
Ndilibe, Che Amidu, ndilibe.
Ndabwerera. Chala chili pa bokosi liti?
Ndinaika chikhadabo pa mzere wa khumi ndi chiwiri,
thukuta lagwerapo, inki yasungunuka,
bokosi loyera lada.

Akabaza akudutsa akundiseka:
juzi, Okutobala uno, ku Mangochi?
Ngakhale abuluzi abisala pansi pa thanki.
Asekeni.
Sanamve mawu a Twaibu wanga pa foni mu Juni,
mano akugundana m'kachisakasa ka malata ku Joni,
akuti amayi, kuno mphepo imaluma fupa.

Pepala likuti patuluka nyama ya nyanga zanthambi
imene sindinaionepo ngakhale ku Liwonde.
Yanga yatuluka mbuzi,
mbuzi ya miyendo isanu, yoyang'ana kumbuyo
ngati yamva kuti mawa ndi Idi.

Ndasolola singano.
Ntchito ya masiku anayi yatha m'mphindi ziwiri,
phwa, phwa, phwa, mizere ikugwera pamiyendo,
ulusi wopotanapotana, wosafuna kuwongoka,
ukukumbukabe pamene ndinalakwitsa.

Amene anajambula timabokosi iti
anali ndi magetsi osazima, ndikhulupirira,
analibe mwana wa mnansi wogubuduza mpira wa ulusi
mpaka m'ngalande.
Ndipo anajambula kumaso kokha.
Kuseri, kumene ulusi umadumpha, kulendewera, kukola zala,
kumene kudzakhudze khungu la mwana wanga,
sanaikeko bokosi ngakhale limodzi.

Usiku, tochi ya foni ili pakamwa,
ndayambiranso. Kachisanu.
Pa mzere wa makumi awiri ndaona
kadontho kofiira pakati pa oyera,
pansi penipeni, pamene sikayenera kukhala.

Ndakayang'ana nthawi yaitali.
Batire latsala pang'ono.
Kakhale.
Twaibu akadzafunsa ndidzati ndi diso la mbuzi.