Liwu la pa mwala wa amayi

Wosema miyala ya pamanda anati tisankhe liwu limodzi,
malo atsala ochepa pansi pa dzina la Doreen Heslop,
ndipo chilembo chilichonse n'cholipira.
Tinakhala m'khitchini ku Sunderland, mvula ikuwaza pawindo,
ine ndi dikishonale, bambo ndi tiyi wawo wozizira,
kusaka liwu loti lisenze zaka makumi asanu ndi ziwiri
za anthu awiri m'nyumba imodzi yopanikiza.

Chingerezi chathuchi chili ndi mawu olumikizira zinthu
ochuluka ngati misomali m'chitini cha m'galaja.
Ndinayamba kutola limodzilimodzi.

Ndinati merge.
Bambo anaika kapu pansi.
Limenelo ndi la mabwana, anatero.
Ndilo linali m'kalata chaka chimene anaphatikiza makampani a zombo,
akuti awiri asanduka mmodzi.
Sipanapite nthawi, pageti panali unyolo.
Akakuuza kuti awiri asanduka mmodzi, Gillian,
uzifunsa kumene winayo wapita.

Ndinati blend.
Anaseka, koyamba chiikire maliro.
Liwu la papaketi ya tiyi limenelo,
masamba a uku ndi uko osadziwikanso kwawo.
Amayi ako sanasakanizikepo ndi munthu.
Anabadwira ku Newcastle,
atsikira kuli chete akuchemerera timu ya mizere yakuda
m'nyumba ya mwamuna wa mizere yofiira.

Ndinati fuse.
Anati kamene kamapsa ukayatsa ketulo ndi simbi nthawi imodzi?
Ndinati melt.
Anati la batala.
Ndinatseka buku.

Kunja mtsinje wa Wear unkangoyenda wopanda katundu.
Bambo anatambasula manja patebulo,
manja a timadontho toyera, mmene nthethe za moto zinkagwera
zaka makumi atatu m'mimba mwa zombo.
Analankhula ngati akuphunzitsa mnyamata woyamba kumene ntchito:

Powotcherera susungunula chitsulo chonse,
ndi m'mphepete mokha.
Chitsulo ichi chimatsala ichi, icho chimatsala icho.
Umayandikiza, n'kusiya kampata kopyapyala ngati khobidi,
moto umagwira ntchito m'kampatamo.
Suuyang'ana ndi maso okha, ungachite khungu,
umauonera kuseri kwa galasi lakuda.
Ukamaliza pamatsala msoko wotupa ngati chipsera,
ndipo sitiubisa, woyendera ntchito amafuna kuuona.
Ukakhala unawotcherera bwino,
chombo chikakumana ndi namondwe wa kumpoto
chitsulo chimang'ambika pena,
osati pamsokopo.

Kenaka anakhala chete nthawi yaitali,
akuyang'ana mpando wa pafupi ndi chitofu
pamene juzi yosamaliza kuluka inali ikadali ndi singano zake.

Akanamva akanandizazira, anatero.
Ndakhala ndikuchapa maovolosi ako moyo wanga wonse, Norman,
pamanda panganso panunkhe chitsulo?
Koma lemba.

Ndinalemba zilembo zisanu ndi chimodzi: welded.

Lachitatu wosema miyala anaimba foni,
mawu ake aulemu, ochita kusankha poponda.
Pepani mayi, kodi dzanja silinaterereke?
Anthu amalemba wedded, liwu la ukwati,
kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi,
ndikhoza kukonza ndisanayambe kusema.
Ndinapatsira bambo foni.
Anati ukwati unatenga mphindi makumi awiri m'tchalitchi chozizira,
chinacho n'chimene chinatenga zaka.
Semani momwemo.

Mpaka lero alipo odutsa amene amaima,
n'kugwedeza mutu kumvera chisoni banja lolakwitsiridwa mwala.
Bambo sawafotokozera.
Lamulungu lililonse amakwera basi ya nambala sikisitini,
amachotsa masamba ndi ndowe za mbalame za kunyanja,
kenaka amavula gulovu,
n'kuyendetsa chala chachikulu pa chilembo chachitatucho,
pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba mpaka pansi,
mmene ankayesera msoko
chombo chisanatsike m'madzi.