Satifiketi ya Lilime

Ku Chikanda ankati ndapenga:
mwana wa a Nachuma akuphunzira mowa,
ngati kuti mowa ndi masamu.

Miyezi isanu ndi inayi ndinkanunkhiza tambula,
n'kulawa, n'kulavulira m'chidebe,
n'kulemba m'kope: uwu chimera chinapserera,
uwu mbiya yake sinatsukidwe,
uwu ukuwawa bwino, ngati khungu la ndimu.

Tsiku la mayeso nkhungu inatsika m'phiri
mpaka kuphimba msika.
A Kalitera anandandalika matambula opanda mayina.
Lachinayi linkamveka chimanga chowiritsa.
Dzanja linkanjenjemera, lilime ayi.

Lero pepala lafika, la chidindo chofiira.
Amayi aligwira chozondotsa,
zala zili mbuu ndi ufa wa mawere,
kenako anditungira masese m'chipanda:
"Tatiuzani, aphunzitsi, walakwika pati?"

Ndamwa. Ndakhala duu.
Muli zaka makumi atatu za utsi m'menemo,
ndi fizi yanga yonse.

Lolemba ndikayamba ku fakitale.
Koma tsiku lina ndidzafulula ndi madzi a Mulunguzi,
pabotolo ndidzalemba dzina lawo.